Tsache la a Walter

Thoko ndi Mwayi, mutu uno wa mbiri yanga ndaulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mukawerenga mizere iwiri mundiimbira foni n'kumandifunsa m'Chingerezi kuti mawu akutiakuti akutanthauza chiyani. Imbani, ndiyankha, chipumireni pantchito ndilibe kothamangira, ndipo zitunda za kuno ku Sheffield zinathana nawo kale mawondo angawa. Munali aang'ono pamene ndinakhala pakhomo milungu itatu osapita kuntchito, ndipo bambo anu anakuuzani kuti amayi ali pa holide. Sinali holide. Ndinaimitsidwa, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Chaka choyamba: Rotherham

Ndinafika kuno ku UK nditagwira kale unamwino zaka khumi ndi chimodzi pachipatala china cha mishoni kwathu. Kumeneko tinkasowa magolovesi, tinkasowa mankhwala, nthawi zina ngakhale thonje, koma wodwala sankasowa munthu. Bedi lililonse linali ndi gadiyani wake atayala chitenje pansi. Ntchito yanga yoyamba kuno inali m'nyumba yosamalira okalamba ku Rotherham, ndipo kumeneko zinthu zinali zotembenuka: makabati odzaza, manja ochepa. Kuzizira ndinakupirira, ngakhale kunkandilowa mpaka m'mano. Chimene chinandivuta ndi ulemu wanga womwe. Mayi woti n'kubereka amayi anga, akuti ndizingomuitana dzina ngati mnzanga wa kusukulu. Lilime linkakana. Abwana anga a kumeneko anandiitanira muofesi kawiri chifukwa chogwada popereka mankhwala. "Ukutiopsezera alendo," anatero, "akumaganiza kuti nesi wakomoka." Ndinaphunzira kupereka mankhwala chiimire, ndipo zitatha zaka zitatu ndinkadziona ngati munthu amene wamaliza kuphunzira dziko lino.

Chaka chachinayi, Okutobala: Middlesbrough

Bambo anu atapeza ntchito ku Middlesbrough tinasamuka, ndipo ine ndinalembedwa kukhala nesi woyang'anira shifiti m'nyumba ina ya okalamba. Manijala anali a Maureen, mayi wamfupi woyenda mothamanga, wachilungamo, koma wokonda mafomu ngati kuti ndi iye anawabereka. Antchito anali operewera chaka chonse. Pa shifiti ya m'mawa ndinkadalira kwambiri a Bwalya, mayi wa ku Zambia amene anali atakhala pamenepo zaka zisanu ndipo ankadziwa amene amamwa tiyi wa shuga awiri ndi amene amabisa mapiritsi pansi pa lilime.

Tsiku langa loyamba, nditangovula jekete, ndinaona bambo wokalamba, wamtali, wowerama pang'ono, akusesa kolido. Anali atavala malaya otsekedwa mabatani mpaka m'khosi, ndipo ankasesa mwadongosolo, kuyambira khoma ili kukafika khoma ilo, kenaka phazi limodzi kutsogolo. Atsikana awiri ogwira ntchito ankamudutsa ndi mathireyi awo ngati palibe chimene chikuchitika. Ana anga, magazi anandithamanga. Munthu wamkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, imvi mbuu, kusesa ana ali pompo? Kwathu zimenezo ndi zotukwanitsa mtundu wonse. Sindinaganize kawiri. Ndinathamanga, ndinagwira tsachelo ndi manja awiri, n'kunena mokoma kwambiri kuti, "Pepani bambo, kapumuleni, ntchito iyi ndi yathu."

Sanalisiye msanga. Tinalimbirana pang'ono, ine ndikumwetulira, iwo akundiyang'ana ngati ndalankhula zamisala. "Bwalo silinathe," anatero. Ndinasesa ndekha kolido yonse mofulumira kuti aone kuti palibe chatsala, ndinakhomera tsachelo m'kabati, ndipo ndinalemba m'buku la lipoti kuti bambowo, a Walter, apezeka akusesa, ndipo si bwino. Ndinadzimva kuti ndagwira ntchito.

A Maureen atawerenga anakondwera. Anati iwonso tsachelo linkawasowetsa mtendere chifukwa a Walter anali ndi matenda oiwalaiwala ndipo miyendo inali itayamba kufooka, koma manesi akale ankangolekerera. Tsiku lomwelo analemba lamulo: tsache lizikhala lokhomera, kiyi azisunga nesi. Anandiyamikira pamaso pa anthu onse kuti ndili ndi diso.

Novembala

M'mawa uliwonse a Walter ankadzuka, kuvala bwinobwino, n'kukaima pa chitseko cha kabati ija. Poyamba ankangogwedeza chogwirira. Kenaka anayamba kumenya ndi chibakera. Anasiya kudya phala, kenaka anasiya nkhomaliro, buluku linayamba kuwagwa m'chiuno. Bambo amene anthu onse ankati ndi wofatsa anayamba kutukwana mawu amene ine ndinali ndisanawamvepo ngakhale pa basi. Tsiku lina a Bwalya akuyesa kuwachotsa pa kabatipo, anawakankha mpaka anagunda khoma n'kutupa mkono. Adokotala analemba mankhwala owafooketsa. Atamwa ankangokhala pampando, mutu uli pachifuwa, dovu likutsika, koma m'mawa ankakwawirabe ku kabati. Ndipo a Maureen anayamba kunena zowasamutsira kunyumba ina ya zitseko zokhoma, kutsidya kwa tauni, kumene amasunga odwala ovuta.

Amene nkhaniyi inawalasa ndi akazi awo, a Edna. Mayi ameneyu ankakhala misewu itatu kuchokera pantchito pathu, ndipo tsiku lililonse masana ankabwera wapansi ndi ndodo yake, mvula kaya mphepo, atanyamula mabisiketi m'chikwama. Kunyumba yokhomayo kunali kokwera mabasi awiri, ndipo iwo basi anali atasiya kukwera chigwereni pa sitepe. Anandigwira dzanja mu kolido n'kunena kuti, "Sisita, akamutengera kumeneko ndiye kuti ndamuika m'manda ndili moyo." Ndinawafunsa za kusesa kuja. Anati chikwatiraneni, mwamuna wawo ankasesa pabwalo m'mawa uliwonse asanapite kuntchito ku fakitale ya zitsulo, ngakhale kugwe chipale. "Anzanga ankandichitira nsanje. Ine ndinkangoti ndinakwatiwa ndi munthu waukhondo. Ankakhala pa sitima nthawi ya nkhondo, koma zimenezo sankazikamba."

Amene anandiuza zoona ndi a Bwalya, tikupinda mashiti m'chipinda chochapira, mkono wawo uli ndi bandeji. Sananditenge ndi ulemu wambiri tsiku limenelo, ndipo analankhula chakwawo, kumene tsache amati chipyango.

"Ba Sisita, nikambeko? Uyu muntu enze che bwino na chipyango chake. Five years ine nili pano, sanamenyepo muntu. Imwe munabwera Monday, Monday yamene iyo chipyango mwakhomera. Munamufunsako?"

"Kufunsa chiyani, a Bwalya? Munthu wamkulu azisesa ife tikuyang'ana?"

"Ulemu wanu uyo, wamudyesa? Onani trousers yake."

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinapinda mashiti otsalawo ngati ndikumenyana nawo. Koma pobwerera kunyumba pa basi mawu aja sanandichoke m'mutu. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli ndinadya ine koma m'mimba munkapweteka wina.

M'mawa mwake, ndisanawapatse mankhwala aja, ndinawapeza a Walter atakhala pampando pafupi ndi kabati. Ndinachita zimene anandiletsa ku Rotherham: ndinagwada. Ndinati, "Bambo, ndine ndinakulandani tsache. Ndinalakwa osafunsa. Mumasesa chifukwa chiyani?"

"Dzuka iwe, uwononga mawondo," anatero. Sindinadzuke. Ndiye anayamba kulankhula, pena ngati zakale, pena ngati zikuchitika panja pa windo. Ndikulemba mmene ndinazilumikizira, chifukwa zina anandiuza tsiku limenelo, zina miyezi yotsatira.

Mu 1945 anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ali pa sitima yankhondo ya Angerezi yonyamula ndege, kunyanja yaikulu kufupi ndi zilumba za Japan. Pamwamba pa sitimayo panali bwalo lachitsulo pomwe ndege zinkanyamukira ndi kutera. Ntchito yawo inali kukankha ndege ndi manja, kuika zotsekera kumatayala, ndi kuzichotsa ndege ikamanyamuka. Tsiku lina ndege zawo zili m'mwamba, ndege ya Ajapani inabwera n'kudzigwetsera dala pabwalopo, woyendetsa ali momwemo. Moto, utsi, zitsulo zili mbwee, ndi zina zimene sanafune kuzitchula. Bwalolo silinabooke kwenikweni chifukwa linali lachitsulo chokhuthala, koma ndege singatere pa zidutswa. Moto utazimitsidwa anawapatsa matsache. Anasesa ali pamzere, phewa ndi phewa, nsapato zikumata ndi kutentha, uku ndege zawo zikuzungulira m'mwamba kudikira. Zina zinakatera pa sitima zinzake. Koma panali imodzi imene inali itawomberedwa kale ndipo mafuta ankatayika. Woyendetsa wake anali wa ku New Zealand, dzina lake Colin, amene m'mawa womwewo a Walter anamuchotsera zotsekera kumatayala ndipo iye anawakwezera chala.

"Anazungulira kawiri," anatero a Walter. "Ife tinali titatsala pang'ono, kuchokera pano kukafika pa chitseko icho. Kachitatu sanamalize. Anatera pamadzi ife tikuona, ndipo sanatulukemo." Anandigwira paphewa mwamphamvu. "Bwalo likapanda kuseseka anyamata satera, Sisita. Iwe wakhomera tsache. Ali m'mwamba onse, milungu ingati tsopano?"

Ndinalira pomwepo, yunifolomu ili m'thupi.

Disembala

Msonkhano wowasamutsa unachitikira muofesi ya a Maureen. Panali adokotala, mayi wina wa za chisamaliro cha anthu, a Edna atakhala m'mphepete mwa mpando chikwama chili pamiyendo, ndi ine. Fomu inali italembedwa kale, inkangodikira dzina la nesi wotsimikiza kuti nyumba yathu yalephera kuwasamalira. Ndikanasaina, palibe akanandiloza chala. Lamulo la tsache linali la a Maureen, mankhwala anali a adokotala, mkono wotupa unali wa a Bwalya. Ine ndinali nesi wa diso uja. Ndinali ndi miyezi iwiri yokha pantchitopo, chilolezo chathu chokhalira m'dziko lino chinali chomangirira pa ntchito yomweyo, ndipo inu awiri munali mutangoyamba sukulu yatsopano. Cholembera ndinachigwira ndithu.

Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinachiika pansi n'kunena kuti, "Sindisaina. Bambowa sanasinthe chifukwa cha matenda. Ndinawasintha ndine." Ndinafotokoza zonse, za kwathu, za tsache, za Colin. A Edna anaphimba kukamwa ndi dzanja. Zaka zonse zija za ukwati dzina limenelo anali asanalimvepo.

A Maureen anafiira mpaka m'makutu. "Ndiye ukufuna ndibweze tsache kwa munthu amene akudzandira poyenda? Akagwa?"

"Akhoza kugwa," ndinatero. "Koma pano akufa tikuona."

"Akagwa, afufuza. Ndipo papepala lololeza padzakhala dzina la munthu. Langa silikhalapo."

"Lembani langa."

Anandiyang'ana ngati akuyeza nsalu. Kenaka anatulutsa fomu ina, chifukwa mayi uja anali ndi fomu ya chilichonse, ndipo tinalemba kuti a Walter azisesa kamodzi m'mawa, nesi kapena wosamalira ali pambali pawo osachoka, kwa mwezi umodzi woyesera. A Edna anasaina kuti akuvomereza. Ine ndinasaina pansi pawo. Potuluka a Maureen anandiuza chapansipansi kuti, "Ndiwe wamakani ngati amayi anga." Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kunditukwana kapena kundiyamikira.

Chaka chachisanu

Mwezi woyesera uja unakhala miyezi khumi ndi inayi. Sabata yoyamba yomwe a Walter anayamba kudya, mankhwala owafooketsa anachotsedwa, ndipo anapepesa a Bwalya powapatsa bisiketi imene inali itakhala m'thumba masiku angapo. A Bwalya anaidya pomwepo. Popeza m'mawa ndi nthawi imene manja amachepa kwambiri, ndinkafika theka la ola nthawi isanakwane, ndipo masiku amene ndinali pa ofu ankaima ndi a Bwalya.

Musaganize kuti zinali zophweka. Kuyenda pambali pa munthu wamkulu akusesa, ine manja ali lende, thupi lonse linkandinyerenyetsa. Tsiku lina amayi ena a kutchalitchi kwathu anabwera kudzafunsira ntchito n'kundipeza ndili choncho. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo Lamulungu lotsatira anandikokera pambali: "Amayi a Thoko, UK yakulowani chonchi?" A Walter okha ndi amene anandimvera chisoni. Anandipatsa udindo wonyamula chowolera zinyalala, ndipo ankandilamula ngati msilikali wamng'ono. Ndikachedwa ankati pa sitima yawo ndikanatha sabata ndikusenda mbatata.

Mu kolido imeneyo ndinaphunzira nkhondo imene sindinaiphunzire kusukulu. Anandiuza kuti sitima zawo zinapangidwira nyanja zozizira za kuno, ndiye kumeneko m'kati munkatentha ngati mu uvuni, anthu thupi lonse zidzolo, madzi osamba ochita kupimidwa. Ankagona pa nsalu zolenjekeka, wina pamwamba pa mnzake. Anandiuza za zingwe zachitsulo zopingasa pabwalo zimene zinkakola ndege ikamatera, za mapiko opindika kuti ndege zikwane m'mimba mwa sitima, ndi za ndege zowonongeka zimene ankangozikankhira m'nyanja kuti ina ipeze malo. Ankati mafuta ndi chakudya ankalandira pakati pa nyanja kuchokera ku sitima zina, milungu yambiri osaona mtunda. Chimene chinkawapweteka n'chakuti nkhondo ya ku Ulaya itatha, anthu kuno ankavina m'misewu pamene iwo anali akuwomberedwabe, ndipo atabwerera palibe amene anawafunsa kumene anali. Masiku ena ankandiiwala dzina, masiku ena ankandiyesa nesi wa pa sitima, koma akafika pa chitseko chakumapeto ankaimika tsache, kuwongoka, n'kupuma mpweya wautali. Akatero tsiku lonse ankakhala munthu wamtendere, ndipo masana a Edna ankawapeza atapesa tsitsi. Ndinawakonda bambo amene uja ngati bambo anga ondibereka.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, Febuluwale

Anagwa Lachinayi m'mawa, ine ndili pambali pawo. Belu la m'chipinda china linalira, ndinatembenuza mutu kuti ndione nambala, ndipo pobweza maso anali pansi. Fupa la m'chiuno linathyoka. Anamwalira kuchipatala patatha masiku asanu ndi anayi, a Edna atawagwira dzanja.

Kufufuza kunabwera monga a Maureen ananenera, ndipo dzina linali langa. Ndiyo milungu itatu ija. Ndinkakuperekezani kusukulu n'kubwerera kudzakhala pampando jekete ili m'thupi, kudikira kalata. Pa tsiku lomva nkhani a Maureen, amene anati dzina lawo silikhalapo, anabwera ndi faelo yonse n'kukhala pambali panga. A Edna anabwera pa takisi atavala zakuda, ndipo anawauza ofufuzawo kuti, "Miyezi khumi ndi inayi ndinadya mabisiketi ndi mwamuna wanga tsiku lililonse. Muilembe imeneyonso." Anandipatsa kalata ya chenjezo chifukwa chotembenuza mutu, ndipo ndinabwerera kuntchito. Kalatayo ndinailandira, chifukwa mutuwo ndinatembenuzadi. Mpaka lero belu likalira mwadzidzidzi mtima umandidumpha.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinalembe mu lipoti, ndipo a Bwalya, amene anachiona, sanachitchule kwa munthu. Lamulo limati wodwala akagwa nesi asachoke pambali pake mpaka ambulansi ifike. Ndinawapima, ndinawafunditsa bulangeti, ndinaimba foni, a Bwalya anagwada n'kuwagwira mutu. Ululu unali woopsa, nkhope yonse thukuta, koma iwo maso anali pa tsache limene linagwera patali. Anayamba kuvutika kuti adzuke, ndipo ndinadziwa kuti akapitiriza awonjezera kuthyokako.

"Bwalo silinathe, Sisita," anatero. "Patsala mpaka pa chitseko."

"Gonani bambo, ambulansi ikubwera."

"Mafuta awathera. Malizitsa iwe. Fulumira!"

Ndinayang'ana a Bwalya. Iwo anangoti, "Yendani, ba Sisita, nabagwira."

Ndinatola tsache lija n'kuyamba pomwe iwo analekezera, khoma ili kukafika khoma ilo, phazi limodzi kutsogolo, misozi ikunditchinga m'maso. Kumbuyo kwanga ndinkamva mawu awo, ofooka koma olamula.

"Wasiya pakona apo."

Ndinabwerera pakonapo. Nditafika kumapeto ndinatembenuka. Anakweza mutu pang'ono m'manja mwa a Bwalya, anayang'ana kolido yonse kuyambira pomwe anagona mpaka pomwe ndinaima, ndipo thupi lawo linamasuka.

"Chabwino," anatero. "Auze atere."

Ndinakankha chitseko chija chotulukira panja, mphepo yozizira ya kunyanja inalowa, magalimoto akudutsa mumsewu anthu akupita kuntchito. Ndipo ine mayi wanu, nesi woyang'anira shifiti, ndinaima pakhomopo tsache lili m'manja, ndinayang'ana kumwamba, n'kufuula ndi mawu anga onse kuti atere.